Mawu Anali Anga, Misozi Inali Yake

1

Ngati munaonera filimu ija ya opera imene yavuta m'tauni muno chaka chino, mathero ake mukuwakumbukira. Mkazi waima pakhomo la kuchipinda. Mwamuna amene anamuthawa wabwerera ali wefuwefu, ndipo mkaziyo wayamba nyimbo yomukhululukira. Nyimbo ili pakati, iye watseka pakamwa. Koma nyimbo osaleka ayi, ikupitirira yokha. Mkazi uja angoyang'ana kutsogolo, misozi ili chuchuchu, kenaka atembenuka n'kumapita, chithunzi n'kuda bii.

Anthu ophunzira akuswa mitu kufunafuna tanthauzo la mathero amenewa. Ena akuti mkaziyo wafa, ukuyimbawo ndi mzimu wake. Ena akuti ndi mtima umene ukukhululuka pamene thupi likukana. Mlembi wina wa m'nyuzipepala analemba kuti ameneyo ndi "mkazi aliyense wa padziko lapansi", ndipo ndikukhulupirira kuti atalemba anadziombera yekha m'manja.

Ine ndine mkazi wa amene anapanga filimuyo. Kwa ine funsoli silinali la luso ayi. Ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi munthu amene ndinkamuchapira masokosi anali mwamuna wanga, kapena ndinkangosungira anzanga?

2

Amuna anga amaphunzitsa nyimbo ku sekondale. Ana a sukulu anawatcha a Katswiri powaseka, koma iwo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Ine ndimagulitsa penti m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Tsiku lonse ndimasakaniza mitundu, kufotokozera anthu kuti penti ya mafuta sasungunula ndi madzi, n'kubwerera kunyumba fungo litalowa mpaka m'tsitsi.

Tsiku lina a Katswiri anabwera ndi nkhani.

"Ndikupanga opera, ndipo ndiijambula ikhale filimu."

"Opera ndiye chiyaninso?"

"Sewero loti anthu sayankhula. Chilichonse amachita kuyimba."

"Ngakhale kupempha madzi akumwa?"

"Ngakhale kufa kumene."

"Ndiye anthu ake amachedwatu kufa," ndinatero.

Sanaseke. Akatswiri saseka nthabwala za anthu ogulitsa penti.

Koma mawu anafuna anga. Ndimayimba ine, musandione choncho. Tinakumana kukwaya, ndipo anandifunsira chifukwa cha mawu omwewa. Situdiyo yathu inali kabati ya zovala ya kuchipinda, akuti zovala zimameza phokoso. Choncho Loweruka lililonse masana ndinkalowa m'kabatimo, pakati pa masuti awo, maikolofoni ili pamphuno, bulangeti atalikoloweka kuchitseko, thukuta lili kamukamu. Ndikalakwitsa pang'ono ankagogoda kunja.

"Bwereza! Sukuikamo mtima!"

Nditamaliza nyimbo zonse ndinafunsa tsiku loyamba kujambula, kuti ndikakonzetse tsitsi. A Katswiri anatsokomola.

"Iwe, mawu ako ndi a mngelo. Koma kamera imanenepetsa munthu."

"Ndiye?"

"Ndiye tapeza mtsikana woti aziyendetsa milomo, mawu akhale ako. Ndi mmene amachitira anzathu odziwa. Koma chikhale chinsinsi. Anthu akadziwa, filimu yafa."

Anandionetsa chithunzi pafoni. Kamtsikana kowonda, maso aakulu, khosi lalitali ngati botolo. Ndinakatcha Kankhope, chifukwa ntchito yake inali yomweyo. Zinandipweteka, sindikunama. Koma tinali titakhala m'banja zaka zambiri opanda mwana, ndipo mkazi wotero amaphunzira kuvomera zinthu zambiri zopusa kuti panyumba pakhale bata. Ndinavomera.

3

Kojambulira sindinkaloledwa kupondako. Akuti mkazi wa mwini filimu akakhalapo, osewera amamangika. Anabwereka nyumba ina yosatha kumanga kuseri kwa msika, n'kupaka chipinda chimodzi penti yobiriwira imene ndinasakaniza ndi manja angawa. Ndiye kuti mawu anga anali komweko, penti yanga inali komweko, wosafunika ndinali ine mwiniwake.

Amuna anga anayamba kusintha. Munthu amene ankasamba mochita kukumbutsidwa anayamba kusamba m'mawa ndi madzulo omwe. Anagula malaya amaluwamaluwa. Foni inayamba kugona chafufumimba patebulo.

"Kodi opera imafunanso perefyumu?" ndinafunsa tsiku lina.

"Vuto lako iwe sudziwa luso. Wotsogolera ayenera kuoneka bwino."

"Kodi nanunso mumaoneka pa kamera?"

"Usandiyambe."

Sindinawayambe. Ndinali ndi zanga zondiimitsa mutu. Fungo la penti limene ndakhala nalo zaka zonsezi linayamba kundichititsa nseru, moti ndinkathawira kuseri kwa sitolo makasitomala ali pamzere. Kuchipatala anandiuza kuti ndili ndi pakati. Ndinalira pamaso pa anamwino ngati kamwana. Nsanje yonse ndinaiika pambali, ndinati Kankhope adye nkhope yakeyo, ine ndapata changa.

Sabata yomweyo kujambula kunatha, ndipo kunatha modabwitsa. A Katswiri anabwera kunyumba dzuwa likadalipo, nkhope itagwa, n'kukhala pampando osavula nsapato. Ine ndinkayesa chimwemwe cha mwana ndicho chawafoola. Malaya amaluwa aja analowa pansi pa sutikesi, ndipo za mtsikana uja sizinamvekenso m'nyumba.

"Wosewera wanu uja ali kuti masiku ano?" ndinafunsa.

"Anapita. Osewera ndi choncho, ntchito ikatha amamwazika."

4

Filimu inatenga nthawi kuikonza, moti tsiku loionetsa koyamba mwana wanga wamkazi anali atabadwa kale. Ndinapita naye kuholo ali kumsana. Apongozi anga anakhala pambali panga, atavala chipewa chimene chinatchinga mabanja awiri kumbuyo kwathu.

Ndinamva mawu anga akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ndipo ndikuuzeni zoona, kamtsikanako ntchito kankaidziwa. Kankapuma pamene ine ndinapuma, kankatsinzina pamene ine ndinakweza mawu. Pofika kumathero, katatseka pakamwa nyimbo n'kumapitirira, muholo munali zii. Amayi ena kumbuyo analira mokweza. Inenso ndinalira, chitsiru ine, mpaka kunyowetsa mutu wa mwana.

Komatu mathero amenewo sindiwo ndinkawadziwa. M'sewero limene ndinaloweza m'kabati, mkazi amayimba mpaka kumapeto n'kukumbatira mwamuna wake.

Magetsi atayaka, a Katswiri anakwera kutsogolo atakulunga kansalu m'khosi, kunja kukutentha. Bambo wina wa magalasi anaimirira.

"Bwana, n'chifukwa chiyani mkaziyu watseka pakamwa?"

A Katswiri anatsinzina, n'kupuma mozama ngati akumva kupotokola m'mimba.

"Pali chisoni china," anatero, "chimene milomo singathe kuchinyamula."

Anthu anaomba m'manja ngati akufuna kuthyola zala. Apongozi anandigunda ndi chigongono.

"Mwamva? Nzeru zimenezo anayamwira kwa ine. Inu mumangodziwa zitini."

"Zoona amayi," ndinayankha. "Nanga mwini nkhopeyo bwanji sanabwere kudzamva nawo kukoma?"

"Mwayambatu nsanje. Mkazi wa munthu wotchuka amafunika mtima waukulu."

Pa mayina otuluka kumapeto, langa panalibe. Panali pongoti "zikomo kwa banja langa", pansi pa dzina la amene anabwereketsa jenereta.

Masabata otsatira ndinkawamvera pa wailesi ndikusakaniza penti. Lolemba akuti kutseka pakamwa kuja ndi imfa. Lachinayi akuti ndi ufulu wa mkazi. Ine sindinapite ku koleji, koma ndimadziwa kuti munthu wonena zoona amakhala ndi yankho limodzi lomwelo, lotopetsa. Amuna anga anali ndi yankho latsopano pa wailesi iliyonse, ndipo mtima wanga unayambanso kukayika.

5

Tsiku lina m'sitolo munalowa Wakamera, bambo wamtali amene masiku onse amajambula maukwati. Ndiye anajambula filimu ija. Atandiona anafuna kubwerera pakhomo, koma ndinali nditamugwira kale ndi maso.

"Lowani achimwene, penti siluma."

Ankafuna yoyera yopaka kukhitchini. Ndinatsegula chitini n'kuyamba kutakasa pang'onopang'ono, kuti asathawe.

"Tandiuzani, mathero aja anaganiza ndani?"

"Abwana."

"Ndiwo anamuuza mtsikana uja kuti atseke pakamwa?"

Anayang'ana misomali, anayang'ana mapaipi, anayang'ana chilichonse m'sitolomo kupatula ine.

"Mayi, ine ndimayendera lamulo. Tsiku loyamba ndinazimitsa kamera ndisanauzidwe, abwana anandikalipira pamaso pa anthu ngati mwana. Anati, 'Ngakhale denga ligwe, usazimitse mpaka umve ndanena kuti dula.' Ndiye tsiku lomaliza lija ine sindinamve dula."

"Denga linagwa?"

"Ingondipatsani pentiyo mayi, minibasi indisiya."

Anatuluka mothamanga mpaka kuiwala bulashi pakauntala. Apa ndinadziwa kuti misozi ya m'filimu ija sinali ya anyezi. Ndinachita mantha, ndipo sindinafunse kanthu kunyumba. Munthu ukakhala ndi khanda kumsana, choonadi umachikodola ndi dzanja limodzi, linalo ukuchikankha.

6

Yankho linandipeza lokha kusikelo. Chipatala chathu chaching'ono ankachikonza, ndiye mwezi umenewo anatitumiza ku china cha kutsidya kwa njanji.

Pamzere, patsogolo panga, panali mayi wowonda atavala mpango mpaka m'maso, mwana wamwamuna ali paphewa akundiyang'ana. Mwanayo ndinamudziwa ndisanaone amake. Makutu otambasuka ngati zogwirira za poto, mphuno yomweyo, ndi tsinya lomwe lija la munthu wooneka ngati akuganiza zozama pamene sakuganiza kanthu. Ndinakokera wanga kutsogolo n'kumuyang'ana. Akanatha kukhala mapasa.

Wanga anayamba kulira, ine n'kunena kuti, "Tonthola mayi, tatsala pang'ono."

Mayi uja anauma thupi. Anatembenuka pang'onopang'ono. Anali Kankhope, wopanda zodzoladzola, masaya atalowa.

"Ndinu inu," anatero. "Mawu amenewo ndingawadziwe ngakhale ndili m'manda."

Tinachoka pamzere n'kukakhala pabenchi kuseri kwa chipatala. Ndinali wokonzeka kumudya wamoyo, koma ndewu imavuta kuiyamba nonse muli ndi ana m'manja.

"Yankhula," ndinati. "Pakamwa unatseka mokwanira."

"Anandiuza kuti woyimbayo ndi mlongo wawo wokhala kutali. Za inu anati ndinu munthu wodwaladwala, wolusa, mumagona chipinda china, akungodikira filimu ithe kuti banja lithenso."

"Wodwaladwala ine? Ndimanyamula zitini ziwiriziwiri."

"Ine ndinakhulupirira, mayi. Pofika tsiku lomaliza lija ndinali ndi pakati, iwo akudziwa. Anati tikamaliza akaonekera kwathu." Anapukuta mwana kukamwa ndi nsonga ya nsalu. "Nyimbo yoti ndiziitsatira ndi milomo inkachokera pafoni yawo, yolumikiza ku sipika yaikulu. Kawaya kake kankavutavuta, ndiye anakamanga ndi selotepi yambirimbiri, iwo eni. Tili pakati pa nyimbo, foni inalira, nyimbo n'kuduka. Anafuna kuikana, chala chinapita poyankha."

Tsikulo ndinalikumbukira. Ndinali pakhonde la chipatala, ndangotuluka kwa anamwino. Sindinapereke ngakhale moni. Ndinangokuwa kuti, "Amuna anga, Mulungu watikumbukira! Ndili ndi pakati, mukhala bambo!" Kenaka mwa chimwemwe ndinawayimbira mzere wa nyimbo yomwe ija ya chikhululukiro, ndikuseka ndikulira. Kumbali kwawo kunkangomveka phokoso ngati khoswe ali m'mapepala. Ndinkayesa ndi netiweki.

"Ankalimbana ndi selotepi," anatero Kankhope. "Chipinda chonse chinamva. Mawu amene ndakhala ndikuwavala miyezi yonse ija ali pasipika, akuuza bambo wa mimba yanga kuti akhala bambo. Ine ndinangowayang'ana iwowo. Ndinkadikira anene kanthu, kalikonse. Sananene. Ndiye ndinatuluka, sindinabwererenso."

"Nanga mathero aja?"

"Analibe china choti aikepo. Anatenga nkhope yanga ya tsiku limenelo, n'kuika nyimbo yanu pamwamba."

"Amabwera kudzaona mwana?"

"Anatumiza uthenga kamodzi. Akuti filimu ikuyenda bwino."

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka mlonda wa pachipatala anasuzumira. Kenaka ndinaona kuti ndikulira, mnzanganso akulira, ana awiri akungotiyang'ana ndi tsinya la bambo awo. Chimwemwe chachikulu cha moyo wanga ndicho chinaswa mtima wa mtsikana ameneyu, ndipo anthu akhala akuombera zimenezo m'manja.

7

Ndinawapeza a Katswiri pabalaza, ataima pagalasi, akuyeserera zokayankhula ku koleji kumene anawaitana kuti akafotokoze mathero omwewo. Ndinagoneka mwana, n'kukhala pampando mwaulemu ngati mwana wa sukulu.

"Bambo, tandiphunzitsaniko nanenso. Mathero aja amatanthauza chiyani?"

Anakondwa. Anati tsopano ndayamba kukula m'maganizo. Anayankhula za mzimu, za chete amene amaposa mawu, za mtima wa mkazi umene uli ngati nyanja. Ndinawalola amalize, pajatu kudula munthu pakamwa ndi mwano.

"Zakuya zedi," ndinati. "Komatu tanthauzolo ndakumana nalo lero kusikelo. Ndi lalimuna, layamba kukhala pansi, ndipo makutu ndi anu."

Anayamba ndi kukana, anadutsira kwa Satana, anaima pang'ono pa zoti anthu a luso amayesedwa kwambiri, kenaka anagwada. Akanangolira basi mwina ndikanafewa, pajatu kupusa ndinakuzolowera. Koma iwo anatsegula pakamwa.

"Mkazi wanga, kumbukira zimene unayimba wekha. 'Bwerera, khomo ndi lako, ndakukhululukira usanapemphe.' Si mawu ako amenewo?"

Ndinawafunsa funso limodzi lokha.

"Nyimbo imeneyo munalemba musanayambe naye, kapena mutayamba?"

Anayang'ana pansi.

Mwamva inu? Munthu anadzilembera yekha chikhululukiro, n'kunditsekera m'kabati kuti ndichiyimbe mpaka chimveke cha mumtima, n'kuchisunga mufoni kudikira tsiku la mlandu. Chibwenzi ndikanachimvetsa, amuna ambiri amagwa. Koma dongosolo limeneli linandinyansa, ndipo chikondi changa chinathera pomwepo.

"Imirirani," ndinati, "mukuononga thalauzi. Mukavala chiyani ku koleji?"

Masuti onse ndinawatulutsa m'kabati n'kuwapinda bwinobwino. M'mawa mwake apongozi anafika ndi chipewa chawo, asanaitanidwe.

"Mwana wanga, mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Banja ndi kupirira."

"Zoona amayi," ndinayankha. "Ndiye kabudula wanuyo mutengeni, akathere kwanu."

Anapita onse awiri, amayi patsogolo, a Katswiri pambuyo atasenza sipika.

8

Inu owerenga, filimu ija ikuonetsedwabe, ndipo ndamva kuti mwini wake wapezanso tanthauzo lina latsopano. Kaonereni, sindikuletsani, penti ya m'chipindamo ndi yabwino. Koma mukafika kumathero musavutike ndi za mizimu. Mukuona mtsikana amene wangodziwa kumene kuti ananamizidwa, ndipo mukumva mkazi amene sanadziwebe. Woti ayankhe mlandu sakuoneka, waima kuseri kwa kamera.

Kankhope ndimakumana naye kusikelo ya kutsidya kwa njanji ija, chifukwa ndinasamukira konko dala. Sindife mabwenzi, tisanamizane. Koma timasungirana malo pamzere, ndipo ana athu adzakula akudziwana.

Mwina mukuti ndinapambana. Mverani izi. Nthawi yonse imene ndinali woyembekezera ndinkayimba nyimbo ija, pochapa, pophika, posamba. Mwana wanga anabadwa akuidziwa. Lero sagona ndi nyimbo ina iliyonse. Ndayesa za kukwaya, ndayesa za pa wailesi, ndayesa kungong'ung'udza, iye amalira mpaka kusasa mawu. Ndiye tsiku ndi tsiku ndimamuika pachifuwa, ndi nkhope ya bambo akeyo, n'kuyimba mofatsa kuti bwerera, khomo ndi lako, ndakukhululukira usanapemphe. Iye amagona tulo tabwino. Ine sindinakhululuke, khomo ndinasintha loko, koma mawu anga sanjenjemera ngakhale pang'ono. Amene mumati woyimba bwino amayimba za mumtima mwake, bwerani mudzandimve.